Makala, chikasu ndi chidede: sukulu ya mitundu ili pakhomo

Makoma ambiri a nyumba za lendi ku Kaliyeka, mumzinda wa Lilongwe, ali ndi chizindikiro chofanana. Kuyambira pansi kulekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu pamakhala mizere yokhotakhota, timikombero tosatsekeka bwino ndi madontho a makala kapena choko chotola kusukulu. Pamenepo ndi pomwe dzanja la mwana wa zaka 3 limalekezera.

Zoterezi n'zimene zimaonekanso ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona ndi Area 23. Eni nyumba amadandaula kuti njereza yakwera mtengo. Makolo nawo, poopa kuyambana ndi alandilodi, amathyola kamtengo, ndipo mwana amagona ndi misozi asakudziwa chomwe walakwa.

Komatu kwa akatswiri a kakulidwe ka ana, mizere imeneyi ndi chiyambi cha maphunziro. Mwana amene akukhwatcha akuphunzitsa dzanja kumvera diso, ndipo ndi dzanja lomwelo limene lidzagwire pensulo mu Sitandade 1. Chomwe akusowa ndi malo oyenera okhwatchapo, utoto wosaopsa, komanso munthu wamkulu womulola kuyesa.

Kukhwatcha kuli ndi dongosolo lake

Mayi wina wa ku America, Rhoda Kellogg, yemwe adagwira ntchito ndi ana aang'ono mumzinda wa San Francisco, adasonkhanitsa zojambula za ana pafupifupi 1 miliyoni zochokera m'maiko osiyanasiyana. Ataziunika adapeza kuti mikhwatcho ya ana ili m'magulu 20, monga dontho, mzere woimirira, mzere wogona, mzere wopindika ndi mkombero. Ana a m'maiko otalikirana, osadziwana chilankhulo, amayambira pa mikhwatcho yofanana.

Naye mphunzitsi wa zaluso Viktor Lowenfeld, m'buku lomwe adatulutsa m'chaka cha 1947, adafotokoza kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 amakhala pa msinkhu wokhwatcha. Poyamba amangogwedeza mkono wonse. Kenako amazindikira kuti mzere ukutsatira dzanja lake, ndipo amayamba kuubwereza dala. Pambuyo pake amayamba kutchula maina: mkombero womwewo lero ndi amayi, mawa ndi minibasi.

Kuyambira zaka 4 ndi pomwe munthu wamutu waukulu, wamiyendo yomera pakhosi, amayamba kuoneka papepala. Choncho kukakamiza mwana wa zaka 3 kuti ajambule nyumba ya mazenera anayi n'chimodzimodzi kum'senzetsa ndowa asanayambe kuyenda bwinobwino.

Chichewa ndi maina a mitundu

Vuto loyamba pophunzitsa mwana mitundu ndi maina. Chichewa chili ndi mawu atatu akale amene amamveka paliponse: choyera, chakuda ndi chofiira. Chobiriwira chimatengera masamba ndi msipu, koma agogo ena amatchula nacho ngakhale chovala cha buluu. Chachikasu chimatengera muzu wa chikasu womwe amayi amathira ku ndiwo ndi mumpunga. Chotuwa ndi cha phulusa kapena fumbi. Enawo, monga buluu, pinki, pepo ndi bulauni, adabwera ndi masitolo ndi sukulu.

Izi sizachilendo. M'chaka cha 1969 akatswiri a zilankhulo Brent Berlin ndi Paul Kay adaonetsa kuti zilankhulo zomwe zili ndi maina atatu okha a mitundu zimakhala ndi choyera, chakuda ndi chofiira, ndipo maina ena amabwera pambuyo pake.

Mwana wa ku Kaliyeka ali ndi mwayi poti mitundu imamuzungulira tsiku lililonse. Magolosale ena adapakidwa chofiira cha Airtel, ena chobiriwira cha TNM. Amalume ovala jezi ya Bullets ali ndi chofiira, a Wanderers ali ndi buluu, pomwe a Silver Strikers ali ndi buluu wowala ngati thambo. Mbendera ya dziko lino ili ndi chakuda, chofiira ndi chobiriwira. Pamsika pali tomato, nthochi zakupsa, mpiru ndi mabiringanya.

Mwana amagwira msanga dzina la mtundu akalimva likutchulidwa pa zinthu zingapo zosiyana. Akangouzidwa kuti tomato ndi wofiira, atha kuganiza kuti kufiira ndi dzina lina la tomato. Akamva kuti tomato ndi wofiira, ndowa ndi yofiira, dothi la katondo nalonso ndi lofiira, amayamba kuona chomwe zinthu zitatuzi zikufanana.

Mitundu itatu yobereka inzake

Aphunzitsi a zaluso amayambira pa mitundu itatu: chofiira, chachikasu ndi buluu. Itatuyi ili ngati mafuwa, mphika wonse wa mitundu umakhala pa iyo. Chofiira chikakumana ndi chachikasu pamatuluka mtundu wa lalanje lakupsa. Chachikasu ndi buluu zimabereka chobiriwira. Chofiira ndi buluu zimapereka pepo, mtundu wa khungu la biringanya.

Choyera ndi chakuda zili ndi ntchito ina. Choyera chimapepukitsa mtundu: chofiira chimasanduka pinki, ndipo buluu wa Wanderers amasanduka wa Silver. Chakuda chimauzamitsa, koma n'chaukali ngati tsabola wa kambuzi, kadontho kamodzi kamakwanira. N'chifukwa chake posakaniza ndi bwino kuyamba ndi mtundu wowala n'kumadonthezera wakuderapo pang'onopang'ono.

Njira yophweka yoonetsera mwana ndi ya mabotolo apulasitiki oonekera mkati. Botolo lina likhale ndi madzi achikasu, lina a buluu, pogwiritsa ntchito utoto wa zakudya womwe amayi opanga mafirizesi ndi makeke amaudziwa. Mwana athire yekha madzi a m'mabotolo awiriwa m'botolo lachitatu. Wamkulu asathamangire kunena zomwe zichitike. Ndi bwino kum'funsa kaye mwanayo kuti akuganiza kuti patuluka chiyani, kenako aone yekha ngati walondola. Kulosera, kuyesa ndi kuona zotsatira ndi momwe sayansi imayendera, ndipo mwana wa zaka 4 amazitha bwinobwino.

Pafupifupi mwana aliyense, akapatsidwa mitundu yonse nthawi imodzi, amaisakaniza mpaka isanduke matope. Makolo ambiri amaona ngati utoto waonongeka, koma apa palinso phunziro. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, monga Isaac Newton adaonetsera m'zaka za m'ma 1660 podutsitsa kuwala pagalasi la ngodya zitatu. Utoto uliwonse umameza gawo la kuwalako n'kubweza lotsala, ndipo lobwezedwalo ndi lomwe diso limaona. Utoto wachikasu ndi wa buluu yonse imabweza chobiriwira, n'chifukwa chake zikasakanikirana chimatsala ndi chobiriwira. Mitundu itatu yonse ikakhala pamodzi imameza pafupifupi kuwala konse, ndiye pamatsala bulauni woderapo.

Pofuna kuchedwetsa matopewa, mwana apatsidwe mitundu iwiri yokha patsiku: lero chachikasu ndi buluu, tsiku lina chofiira ndi chachikasu.

Ana okulirapo atha kuonetsedwa kuti makina osindikizira nyuzi amagwiritsa ntchito inki zinayi zokha: buluu wowala, pinki wozama, chachikasu ndi chakuda. Chithunzi chamitundu cha m'nyuzipepala chikayang'anidwa pafupi kwambiri chimaoneka kuti ndi timadontho ta inki zinayizi. Wailesi yakanema ndi foni zimasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndipo kumeneko mitundu itatu ikakumana pamatuluka choyera.

Utoto wa kukhitchini

Penti wa ana wa m'masitolo a mu Old Town kapena City Centre si banja lililonse lingaukwanitse. Koma fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Amayi akumudzi akhala akuzira nyumba ndi mtsiro wakuda, wofiira ndi woyera kuyambira kale, ena n'kumalemba maluwa ndi mizere m'makoma, osagula kanthu.

Thupi la utoto ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kapena ufa woyera wosefa bwino. Likazizira ligawidwe m'zivindikiro za mabotolo kapena m'makapu akale. Makala osinja amapereka chakuda. Katondo wouma, wosinja ndi wosefa amapereka chofiira chonga njerwa. Chikasu chimapereka mtundu wake womwe chidatchukira. Masamba a nkhwani kapena chisoso osinja n'kufinya amapereka chobiriwira, ngakhale chimafwifwa pakapita masiku. Madzi a chidede chowiritsa ndi ofiira, mabulosi amapereka pepo, ndipo choko chosinja chimapereka choyera.

Buluu ndiye wovuta kum'peza m'chilengedwe. Apa ndi pomwe utoto wa zakudya umathandiza. Buluu wochapira zovala amagwiranso ntchito, koma ndi wa ana okulirapo omwe sangaike zala mkamwa.

Khitchini ili ndi zodabwitsa zinanso. Pepala lopakidwa chikasu likadonthezeredwa madzi a soda, chidulo kapena sopo limasanduka lofiira pomwepo. Madzi a chidede amawala akathiridwa ndimu, koma akathiridwa soda amada n'kupendekera ku chobiriwira. Mwana amaona ngati matsenga, chonsecho ndi zomwe adzakumane nazo mu sayansi ya ku sekondale.

Burashi nayo sivuta. Nthenga ya nkhuku, chitsononkho, kachidutswa ka siponji, kamtengo kotafuna kumapeto ngati mswachi, ngakhale zala zenizenizo, chilichonse chimasiya mzere wakewake. Makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira, nyuzipepala zakale ndi kuseri kwa kalendala yotha zimalowa m'malo mwa pepala.

Utoto wa phala umasasa msanga nyengo yotentha, choncho upangidwe wokwanira tsiku limodzi. Dothi litengedwe pamalo aukhondo, kutali ndi zimbudzi, ngalande ndi kudzala, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Chikomekome cha mkuyu

M'makomboni momwe nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku, zitini za penti wotsala zimapezeka paliponse, ndipo kholo lofuna kusangalatsa mwana litha kuganiza kuti lapeza mwayi. Penti wamafuta wa m'nyumba, wa mageti ndi wa galimoto si wa ana.

Chifukwa chachikulu ndi mtovu, womwe opanga ena amathira mu penti, makamaka wachikasu ndi wofiira, kuti awale komanso aume msanga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu womwe ndi wabwino m'thupi la mwana. Mtovu umaononga ubongo womwe ukukula kumene, umachepetsa nzeru ndi chidwi m'kalasi, ndipo zomwe waononga sizibwerera. Choopsa china n'chakuti mwana amatha kukhala nawo m'magazi osaonetsa kudwala kulikonse.

Kafukufuku yemwe bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidachita m'dziko muno pakati pa 2020 ndi 2021 adapeza mtovu wochuluka mu penti wamafuta wambiri wogulitsidwa m'masitolo. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards lidachitapo kanthu, ndipo kafukufuku wotsatira wa mu 2023 adaonetsa kuti vutoli lachepa. Komabe zitini zakale ndi makoma opakidwa kale zidakalipo. Penti wosuwa pazitseko ndi m'mazenera amasanduka fumbi lomwe mwana wokwawa amalinyambita.

Ufa wakuda wa m'mabatire otha, mafuta a galimoto, palafini ndi thina wosungunulira penti nazonso zisayandikire ana, ngakhale zitaoneka zothandiza motani.

Nanga wajambula chiyani?

Funso limene mwana amalimva kawirikawiri akabweretsa pepala lake ndi lakuti wajambula chiyani. Akalephera kuyankha, akuluakulu amaseka, kapena amam'landa pensulo n'kum'jambulira nyumba, mtengo ndi dzuwa pakona. Mwana amatolapo phunziro lakuti chojambula chabwino ndi chokhacho chofanana ndi chinthu, ndipo ambiri amaleka pomwepo kuyesa.

Chonsecho pali luso lathunthu la zojambula zosafanizira chinthu chilichonse, lomwe pa Chingerezi amati abstract art. Mmenemo nkhani imakhala mitundu, mizere ndi maonekedwe basi. Ku Ulaya lusoli lidayamba kumveka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mayi wa ku Sweden, Hilma af Klint, adayamba kujambula motere mu 1906, ndipo Wassily Kandinsky wa ku Russia adatchuka nalo kuyambira cha m'ma 1911. Kandinsky ankayerekeza mitundu ndi nyimbo. Mfundo yake Mmalawi aliyense atha kuimvetsa: palibe amene amafunsa woimba ng'oma ya chimtali kuti kulira kwa ng'omayo kukufanana ndi nyama yanji, koma anthu amavina.

Ndipo luso lotere si la Azungu okha. M'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera ku Lilongwe, muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri ndipo akatswiri amati zidajambulidwa ndi Akafula, zambiri ndi mikombero yolowana, mizere yondondozana ndi madontho. Zoyera zidajambulidwa ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera ndi zala, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Gule Wamkulu. Malo ngati Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi ndi umboni woti anthu a dziko lino ankalankhula ndi mizere ndi mitundu kalekale.

Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amapita kukagwira ntchito, kuli gogo Esther Mahlangu wa mtundu wa Andebele, yemwe adabadwa mu 1935. Iye adaphunzira kupaka makoma a nyumba kwa amayi ake ndi agogo ake ali ndi zaka pafupifupi 10, pogwiritsa ntchito nthenga za nkhuku. Mu 1991 kampani ya BMW idam'pempha kuti apake galimoto yake ndi mizere ndi mitundu ya kwawo, ndipo zojambula zake zaonetsedwa m'maiko ambiri.

Ngakhale pakhomo, luso losafanizira lili ponseponse: pa chitenje chomwe mwana waberekedwera, pa mkeka, pa lichero, pa dengu ndi pakhosi pa mtsuko. Palibe amene amabweza chitenje pamsika kaamba koti maluwa ake sakufanana ndi a m'munda.

Choncho m'malo mofunsa chomwe wajambula, kholo litha kum'pempha mwana kuti afotokoze za chithunzi chake, kum'funsa momwe wapezera mtundu wakutiwakuti, kapena kungonena zomwe likuona, monga kuti apa pali chofiira chambiri ndipo apo mzere wazungulira katatu. Mwana amamva kuti ntchito yake yaonedwa, ndipo polongosola amaphunzira mawu atsopano. Ena amawaimbira nyimbo yothamanga kenako yodekha, n'kuwauza kuti dzanja litsatire nyimboyo. Mapepala awiriwo amatuluka osiyana, ndipo ana amaona okha kusiyanako.

Udindo wa sukulu

Boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003 ndipo idaunikidwanso mu 2017. Ndondomekoyi imatsindika kuti mwana wamng'ono amaphunzira kudzera m'masewero. Koma alezi ambiri m'sukulu za mkombaphala za m'madera amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo zipangizo ndi zochepa. M'sukulu zina zolipira za m'matauni, makolo eni ake ndi omwe amafuna kuti mwana wa zaka 3 abwere kunyumba akulakatula zilembo ndi manambala pa Chingerezi. Akabwera ndi yunifolomu yothimbirira utoto amaona ngati fizi yapita pachabe.

Ku pulayimale, chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, pomwe chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, makalasi a m'munsi akhala odzaza kwambiri, makamaka m'makomboni a m'mizinda. Silabasi yomwe idayamba mu 2007 ili ndi phunziro la Expressive Arts lophatikiza zojambula, nyimbo, magule, masewero olimbitsa thupi ndi zosokasoka, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 pali pepala la Arts and Life Skills. Koma mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana oposa 100 sangagawire aliyense utoto ndi pepala, choncho nthawi zambiri ana amaloweza pamtima kuti chachikasu ndi buluu zimapereka chobiriwira asanazisakanizepo ndi manja awo.

Aphunzitsi m'makoleji amaphunzitsidwa njira ya TALULAR, yomwe imalimbikitsa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera. Makomiti a makolo atha kuthandizapo posonkhanitsa makatoni, zivindikiro, makala ndi malaya akale ovala pamwamba pa yunifolomu, zomwe sizilira ndalama.

Pali phindu linanso la zaumoyo. Mwana amene wafika zaka 5 kapena 6 koma akusokonezabe chofiira ndi chobiriwira, pomwe zina zonse akuzitha, mwina ali ndi vuto lobadwa nalo losasiyanitsa mitundu ina, lomwe limapezeka kwambiri mwa anyamata kusiyana ndi atsikana. Mwana wotere si waulesi kapena wopusa. Ndi bwino kum'tengera kuchipatala cha maso, monga cha ku Kamuzu Central, komanso kudziwitsa aphunzitsi ake.

Kwa makolo ofunsa ngati utoto ungadzam'dyetse mwana, yankho lili m'misewu ya Lilongwe momwemo. Olemba zikwangwani za mabarbershop ndi magolosale, osindikiza malaya a misonkhano ndi maukwati, matelala osankha nsalu zogwirizana, opaka nyumba ndi okonza zithunzi pakompyuta, onse amadyera diso lodziwa mitundu. Ku Mua m'boma la Dedza, malo a zaluso a Kungoni omwe bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa mu 1976 aphunzitsa amisiri ambiri osema ndi ojambula omwe ntchito zawo zili m'matchalitchi ndi m'nyumba za m'maiko akunja.

Si mwana aliyense amene adzakhale mmisiri, monganso si aliyense wosewera mpira wachikulunga amene adzasewere mu Flames. Koma theka la ola Loweruka masana, katoni yoyala pakhonde, zivindikiro ziwiri za utoto wa phala ndi malaya akale a abambo ndi zokwanira kuyambira. Kuseri kwa katoniyo kulembedwe tsiku ndi zaka za mwana, kenako isungidwe pamodzi ndi buku lake la kusikelo. Pakatha miyezi 6, makatoniwo akayalidwa motsatana, kholo lidzaona lokha pomwe mzere udayambira kumvera dzanja komanso tsiku lomwe chobiriwira choyamba chidatulukira.